Udzu ukalowerera bedi lanu latsopano la maluwa, musathamangire khasu

Bedi la maluwa likakhala latsopano limakongola masabata awiri oyamba okha, dothi lofewa bwinobwino, timaluwa tili pa mzere, kenako mvula ikangogwa kawiri katatu mumangoona tinsonga tobiriwira tatulukira paliponse. Ambiri apa amatenga khasu nkupalira, pakatha sabata udzu uja wabwerera wambiri kuposa poyamba, nde munthu amayamba kudandaula kuti dothi la pano ndi loipa kapena mnyamata wa pa gadeni sakugwira ntchito. Nthawi zambiri si zimenezo ayi. Vuto ndi loti udzu onse timautenga ngati ndi umodzi, chonsecho pali udzu omera ndi njere ndipo pali wina oyenda ndi mizu pansi, ndipo khasu lomwe limapha oyambawo ndi lomwenso limachulukitsa wachiwiriwo.

Nde musanachite china chilichonse tengani foloko yokumbira, mukumbe udzu umodzi mwa umene wakuvutaniwo ndi dothi lake lomwe, musase dothilo muone pansi pake pali chani. Mukapeza timizu tating'onoting'ono tochokera pamalo amodzi basi, umenewo ndi wa njere, monga chigombe chija chimamera chophwatalala pansi, patsinde poyera, chimakanika kuzula pa dothi louma. Chimenechi chikazuka chatha, mphamvu yake ili mu njere zokha, koma dziwani kuti phata limodzi mukalisiya likhwime limataya njere masauzande ambirimbiri. Koma mukapeza zingwe zoyera zolimba zikuyenda cham'mbali pansi pa dothi, kapena timbatata takuda tolimba, ndekuti muli ndi ntchito ina ndithu ndipo nkhani yanga yambiri ili pa amenewa.

Oyamba ndi kapinga. Mabedi ambiri atsopano timawadula pa kapinga wa pabwalo, timangosenga pamwamba nkutipula nkudzala maluwa, pomwe kapinga amayenda pawiri, pamwamba amayanga nkumagwira pansi pa mfundo iliyonse, pansinso ali ndi zingwe zake zomwe zambiri zimakhala mu masentimita 20 kapena 25 oyamba a dothi. Kachidutswa kakang'ono kokhala ndi mfundo imodzi kamamera nkukhala phata latsopano. Nde taganizani, khasu likadula chingwe chimodzi ka 10 mwadzala kapinga malo 10, mu dothi lofewa lothira manyowa lomwenso mukulithirira tsiku ndi tsiku. Kumadera ozizira ngati Dedza, Mzuzu ndi Zomba ambiri ali ndi kikuyu pabwalo, ameneyo zingwe zake ndi zonenepa kuposa za kapinga wamba ndipo amakwera mpaka mkati mwa maluwa, koma kachitidwe kake nkomweko.

Wachiwiri ndi dawe, ndipo ameneyu ndi amene amagwetsa anthu mphwayi. Kumuzindikira nkosavuta, tengani tsinde lake mulipotokole pakati pa zala, mumva kuti lili ndi makona atatu, silozungulira ngati la udzu wina. Masamba ake ndi onyezimira ndipo amakula msanga kuposa china chilichonse mu bedimo. Pansi ali ndi timbatata tolumikizana ndi kaulusi kopyapyala, wina apa wina apo, nde mukakoka ndi dzanja kaulusi kaja kamaduka, mmanja mwanu mwatsala masamba, timbatata tatsala pansi ndipo tina tomwe tinali tikugona timadzuka nkumera. Dawe amakonda malo achinyontho, nchifukwa chake amadzadza pafupi ndi mpopi, pomwe pamagwera madzi a padenga komanso mu dothi lochokera kudambo. Palinso nansongole kwa amene mwamanga pa puloti yomwe inali tchire, uja nsonga zake zimabaya phazi zikamatuluka, ameneyu zingwe zake zimapita pansi kwambiri ndipo amafuna kukumba mobwerezabwereza.

Tsopano ngati maluwa simunadzale, kapena mwadzala posachedwa sanagwire kwenikweni, ine ndinganene kuti azuleni. Ndikudziwa zimawawa, mwagula ndi ndalama mwathirira, koma duwa la masabata atatu silimva kanthu kulibwezera mu chubu kapena mu chitini nkuliika pamthunzi kwa mwezi umodzi, pomwe kulimbana ndi kapinga pakati pa maluwa ogwira kale ndi ntchito ya zaka. Bedi lopanda kanthu mumalikonza momasuka, mumaponda paliponse, mumakumba mmene mukufunira.

Nthawi yabwino ya ntchito imeneyi ndi Sepitembala ndi Okutobala dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe. Gwiritsani foloko osati khasu, chifukwa foloko imatukula zingwe zathunthu osaziduladula. Yambirani kumapeto kumodzi, lowetsani foloko yonse mpaka masentimita 25 kapena 30, tukulani chibuma, chiphwanyeni, nkutola ndi manja chingwe chilichonse ndi kambatata kalikonse, kenako bwererani m'mbuyo pang'ono nkuteronso. Osafulumira. Bola kumaliza mamita awiri pa tsiku oyera bwino kusiyana ndi bedi lonse mwachidule. Ngati bedi ndi laling'ono bwerekani sefa ija amasefera mchenga anthu omanga, dothi louma limadutsa bwinobwino ndipo mudzadabwa kuchuluka kwa zomwe zitsale pamwamba makamaka ngati muli dawe.

Zomwe mwatolazo musaziponye pa kompositi, musaziunjikenso pakona pa mpanda, zikamera konko nkubwerera. Ziyanikeni pa simenti kapena pa lata lakale ziume gwa, kenako muziotche kapena muziike m'thumba zipite ndi zinyalala. Dothi la mu bedi lisiyeni lili zibumazibuma padzuwa osathirira kwa masabata awiri, nkulitembenuzanso kuti za pansi zibwere pamwamba. Timbatata ta dawe ndi zingwe za kapinga zikauma ndi dzuwa la Okutobala zimafa, chomwe chimazisunga ndi chinyontho ndi mdima wa pansi.

Mukatero salazani bedi ndi reki ngati mukufuna kudzala, koma musadzale. Thirirani bwinobwino nkudikira masiku 10 mpaka 14. Chilichonse chomwe chinatsala chitulukira chokha, njere zimera, kapinga otsalira aonetsa pomwe wabisala. Za njere zija ingozikandani pamwamba ndi reki kapena khasu mopepuka dzuwa likutentha, masentimita awiri kapena atatu basi, osatipula mwakuya chifukwa njere zambiri za udzu zimamera zikakhala pamwamba pomwe pali kuwala, nde mukatembenuza dothi mukukweza zina zatsopano zomwe zinali phee pansi. Pomwe patuluka kapinga kapena dawe bwerani ndi foloko mukumbe pokhapo. Thiriraninso, dikiraninso. Kawiri kapena katatu mukatero bedi limakhala loti mutha kulikhulupirira. Ndi pafupifupi masabata 6 amenewa, nde ngati mukufuna kudzala ndi mvula yoyamba kumapeto kwa Novembala kapena Disembala, werengerani chobwerera kuti muyambe liti.

Ena amaphimba ndi pepala la pulasitiki loonekera mkati, ndipo zimathandiza ndithu nthawi yotentha. Mumathirira dothi linyowe, nkuyala pepalalo mokoka bwino, m'mbali monse nkukwirira ndi dothi kuti mpweya usatuluke, nkulisiya masabata 4 mpaka 6. Kutentha kwa mkatimo kumapha njere za pamwamba. Koma ndisakunamizeni, dawe ndi kapinga wa pansi kwambiri ena amapulumuka, komanso mu Juni ndi Julayi kukuzizira, kuli chiperoni, njira imeneyi ndi kungotaya nthawi.

Chinthu chomwe anthu ambiri amachiiwala ndi malire. Mutha kuyeretsa bedi mpaka mbee, koma ngati likugundana ndi kapinga wa pabwalo popanda chotchinga, ikamafika Febuluwale wabwerera. Njerwa zongoyala pamwamba kapena zija timaziimika mopendeketsa kuti zikongole sizitchinga kanthu, kapinga amadutsa m'mipata ndi pansi pomwe, ndipo akalowa pakati pa njerwa kumuchotsa kwake mpaka muchotse njerwazo. Chophweka komanso chaulere ndi kangalande, kumbani mozungulira bedi masentimita 20 kapena 25 kuya, khoma la mbali ya kapinga likhale loongoka ngati mwadula ndi mpeni, nde chingwe chilichonse chikafika pamenepo chimatulukira poyera mumachiona nkuchidula. Masabata awiri aliwonse nthawi ya mvula dutsani ndi fosholo kapena chikwanje kumeta m'mphepetemo. Amene muli ndi kangachepe mutha kuimika njerwa mu ngalandemo nkumata ndi simenti kuti pasakhale mpata, kapena kukwirira moimika pulasitiki wakuda wokhuthala uja amaika pa maziko a nyumba. Malata akale amagwiranso ntchito koma pindani m'mphepete mwake, ana amathamanga osavala nsapato.

Palinso udzu omwe timabweretsa tokha osadziwa. Manyowa a ng'ombe kapena mbuzi osawola amakhala ndi njere zambiri, nyama zimadya udzu okhwima ndipo njere zina zimatuluka zamoyo, kuphatikiza zomwe zimagwera m'khola momwemo. Manyowa abwino ndi oti aunjikidwa, atentha mkati, atembenuzidwa mpaka ada bii osanunkhanso. Dothi lakuda lija amabweretsa pa lole, kawirikawiri limakhala lochokera kudambo ndipo kudambo ndi kwawo kwa dawe. Musanalithire mu bedi tapani pang'ono muike m'beseni lakale, thirirani masabata awiri muone chimere nchani, ngati mwatuluka dawe lisefeni kaye kapena liyanikeni mopyapyala pa simenti. Maluwa a m'machubu ogula m'mbali mwa msewu nawonso ayang'aneni, chotsani kadothi ka pamwamba ndi kaudzu kalikonse, ndipo mnzanu akakugawirani phata la canna kapena agapanthus litsukeni mizu ndi madzi musanadzale, kapinga amakonda kubisala mmenemo.

Mukadzala, dothi lisakhale pambalambanda. Pezani makatoni ku shopu, chotsani tepi ndi mawaya onse, yalani pakati pa maluwa mosanjikiza kuti katoni ina ikwere pa inzake masentimita ngati 15, chifukwa pomwe pali mpata ndi pomwe udzu utulukire. Anyowetseni kuti agwire pansi kenako pamwamba thirani zophimbira zokhuthala masentimita 7 mpaka 10. Nyuzipepala zakale zimagwiranso bola musanjikize zambiri. Zophimbira gwiritsani zomwe zili pafupi nanu, masamba ouma a mitengo omwe ambiri amangosesa nkuotcha, makoko a mtedza kwa a ku Lilongwe, Mchinji ndi Kasungu, mankhusu a mpunga kwa a ku Karonga, Nkhotakota kapena cha ku Chilwa, masamba ndi makungwa a paini kwa amene muli pafupi ndi nkhalango ngati Zomba ndi Chikangawa. Utuchi wa kwa akalipentala ulinso bwino koma uzikhala pamwamba pokha, mukausakaniza ndi dothi maluwa amachita chikasu chifukwa ukamawola umalanda chakudya cha m'nthaka. Udzu otchetcha ugwiritseni pokhapokha ngati unadulidwa usanatulutse ngala ndipo wauma, wa kapinga okhala ndi zingwe ayi ndithu.

Ndikudziwa funso lomwe likubwera, nanga chiswe? Zoona, chiswe chimakonda makatoni ndi zouma, ndipo kumalo ena chimamaliza zophimbira mwezi umodzi usanathe. Nde musagundanitse zophimbirazo ndi khoma la nyumba, siyani mpata, komanso pa tsinde la duwa lililonse siyani mpata ngati chikhatho cha dzanja, izi zimathandizanso kuti tsinde lisawole. Chikadya onjezerani zina. Kwa ine bola kuonjezera masamba kusiyana ndi kusiya dothi poyera, chifukwa dothi la poyera nthawi ya mvula limamera udzu sabata iliyonse ndipo nthawi ya dzuwa limauma msanga mumangothirira. Dziwaninso kuti kuphimbira kumagonjetsa udzu wa njere kwambiri, kapinga kumamufooketsa, koma dawe amaboola ndithu, kungoti akaboola amaonekera patali ndipo dothi la pansipo limakhala lofewa sakanika kukumba.

Nanga amene maluwa anagwira kale ndipo simungawazule? Apa ndi manja basi. Gwirani ntchitoyi mvula itagwa kapena mutathirira dzulo lake, dothi louma limadula mizu. Mpeni wakale wa kukhitchini, sikuludiraiva yaitali kapena kafoloko kakang'ono ndi zida zokwanira. Mukagwira chingwe cha kapinga musachikoke mwamphamvu, masulani dothi m'mbali mwake nkuchitsata pang'onopang'ono mpaka komwe chikuchokera, pena mumapeza chayenda mita yathunthu kuchokera kumalire. Kwa dawe lowetsani mpeni pansi mutulutse ndi kambatata kake, ndipo muzimuchotsa akadali wamng'ono asanafike masamba 5 kapena 6, chifukwa akapitirira pamenepo amayamba kupanga timbatata tatsopano. Nthawi iliyonse akaphuka amagwiritsa ntchito chakudya chomwe anasunga pansi, nde mukamamudula asanabwezeretse amanka nafooka mpaka kutha. Koma mukalekeza mwezi umodzi wabwezeretsa zonse, nchifukwa chake ambiri amati dawe satha, pomwe ndi kulekeza kuja.

Ngati kapinga walowa mkati mwenimweni mwa phata la maluwa ngati agapanthus, canna kapena malili, musavutike kumusolola kamodzikamodzi, simungamalize. Kumbani phata lonse, litsukeni pa mpopi, ligaweni, chotsani chingwe chilichonse choyera, yeretsani dzenje nkudzalanso. Maluwa amtunduwu amapirira kugawidwa, mupezanso mbewu yodzala pena. Maroze ndi hibiscus okhwima musawakumbe, ingosamalani kuti foloko isapite pafupi kwambiri ndi tsinde, pamenepo gwiritsani mpeni.

Tsopano za mankhwala, chifukwa ndikudziwa ena mwatopa mukufuna kungopopera. Alipo ndipo amathandiza, makamaka pa kapinga ndi nansongole pa malo aakulu, koma pamafunika kudziwa kuti awa amachita chani. Glyphosate, amene ambiri timangoti Roundup, sasankha, chilichonse chobiriwira chomwe wachikhudza chimafa, duwa lanu lomwe. Ubwino wake ndi oti amalowera pa masamba nkutsika mpaka ku mizu, nde amafunika udzu ukhale obiriwira ukukula. Kupopera kapinga ouma wa mu Okutobala ndi kutaya ndalama, muthirireni kaye aphuke akhale ndi masamba ambiri, ndipo musatchetche musanapopere. Poperani m'mawa kulibe mphepo, tsiku loti mvula siigwa kwa maola ngati 6, ndi madzi oyera chifukwa madzi amatope amapha mphamvu ya mankhwalawa. Mukapopera musakumbe msanga, dikirani masiku 10 mpaka 14 kuti afike pansi, ndipo musadabwe ngati patafunika kubwereza, makamaka pa dawe yemwe timbatata take togona mankhwala satifikira.

Pakati pa maluwa sipuleya ndi yoopsa, kamphepo pang'ono maluwa apsa. Bola kusungunula pang'ono m'kachitini nkupaka pa masamba a udzuwo ndi kabulashi ka penti kapena siponji mutavala magolovesi, kapena dulani botolo la pulasitiki kunsi, livundikireni pa udzuwo nkupopera kudzera kukamwa kwa botolo.

Pali ena opha udzu okhaokha nkusiya zomera za masamba aakulu, odziwika ndi Fusilade, mankhwala ake enieni ndi fluazifop, alimi a soya ndi mtedza amawadziwa. Amenewa ndi othandiza kwambiri kapinga akalowerera maluwa ngati marigold, maroze, geranium ndi ena otero. Amagwira pang'onopang'ono, udzu umasiya kukula msanga koma kuti uume pamatenga masabata awiri kapena atatu, nde musathamangire kuonjezera. Dawe samukhudza olo pang'ono chifukwa dawe sali m'gulu la udzu weniweni, nde ngati vuto lanu ndi dawe musawononge ndalama. Komanso kumbukirani kuti lemongrass, vetiva, chimanga, udzu okongoletsa ndi kapinga wanu wa pabwalo onsewo ndi udzu, afa akakhudzidwa. Yesani kaye pa duwa limodzi kapena awiri nkudikira sabata musanapopere bedi lonse.

Chomwe ndikupemphani ndi mtima onse, mankhwala otsala ku munda wa chimanga ngati Bullet musawabweretse mu bedi la maluwa. Muli atrazine mmenemo, amakhalitsa mu dothi ndipo amapha zomera za masamba aakulu, nde mudzangoona chilichonse chomwe mwadzala chikufota kwa miyezi. Paraquat naye mupeweni, amangowotcha masamba pamwamba mizu nkutsala yamoyo, chonsecho ndi poizoni oopsa kwambiri kwa munthu, pang'ono pokha munthu akamwa amatha kufa, si chinthu chosunga pakhomo pomwe pali ana. Gulani mankhwala mu shopu yovomerezeka, m'botolo lake lotseka lokhala ndi lebulo, ku Malawi kuno amene amalembetsa mankhwala otere ndi a Pesticides Control Board. Aja othiridwa m'timabotolo ta zakumwa pa msika simudziwa kuti muli chani ndipo mwana atha kumwa. Mulingo tsatirani omwe walembedwa pa lebulo, kuchulutsa sikupha msanga, kumangowotcha masamba mankhwala asanatsike ku mizu. Valani magolovesi, nsapato zotseka ndi malaya a manja aatali, mukamaliza sambani, ana ndi ziweto asayandikire mpaka pauma, ndipo sipuleya yomwe mwapoperera udzu musadzaigwiritsenso pa ndiwo za masamba.

Za mchere, oilo wakale wa galimoto ndi petulo zomwe anthu amauzana, chonde ayi. Udzu ufa inde koma dothi lomwelo lawonongeka, maluwa sadzameranso bwino pamenepo. Madzi owira amathandiza pa udzu omera m'ming'alu ya simenti ndi pakati pa njerwa za panjira, mu bedi aphika mizu ya maluwa. Vinyiga amangopsereza masamba, kapinga amaphukanso.

Kadzalidwe nakonso kamathandiza. Udzu umafuna dzuwa, kapinga makamaka sakonda mthunzi, nde bedi lomwe maluwa ali patalipatali limakhala likuitana udzu chaka chonse. Pomwe mukudikira maroze kapena hibiscus kuti akule, tsekani mipata ndi maluwa okula msanga ngati marigold, zinnia, vinca kapena salvia, mbewu yake siyodula ndipo marigold ndi zinnia mutha kumasunga njere nokha chaka ndi chaka. Pothirira lozetsani keni pa tsinde la duwa osati kumwaza bedi lonse ndi phaipi, feteleza nayenso ikani mozungulira duwa pansi pa zophimbira, osawaza paliponse, apo ayi mukudyetsa udzu omwewo.

Dzinja loyamba ndi lomwe limavuta, Disembala mpaka Malichi muziyendera bedi kamodzi pa sabata osaphonya, mphindi 15 zimakwana ngati simunadumphitse. Sankhani tsiku, kaya Loweruka m'mawa, kampeni ndi kachidebe m'manja, yambani ndi malire kenako mkati, ndipo udzu uliwonse omwe wayamba kutulutsa ngala uchoke tsiku lomwelo olo mulibe nthawi yochita zina, kuphatikizapo wa kuseri kwa mpanda ndi m'mbali mwa njira chifukwa njere zake zimagwera mu bedi momwemo. Ngati muli ndi okuthandizani pa gadeni musangoti palirani maluwa, anthu ambiri anazolowera kupalira kwa kumunda komwe khasu limadula nkukwirira, nde khalani nawo pansi muwaonetse chingwe cha kapinga ndi kambatata ka dawe, muwauze kuti izi zizituluka zathunthu nkupita pa simenti, muwagulirenso foloko ngati palibe. Ndipo ngati mukuchokapo pa Khirisimasi kupita kumudzi, zulani ndi kumeta malire kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, onjezerani zophimbira pomwe zapyapyala, nkupempha wina oti adzadutsemo kamodzi muli konko, chifukwa masabata amenewo ndi omwe udzu umakula kwambiri.